Ndege Zakale Zoponya Mabomba ndi Chikumbutso cha Amene Ankaziulutsa

Pa ndege 7,377 za mtundu wa Avro Lancaster zimene zinapangidwa m'zaka za m'ma 1940, ziwiri zokha ndizo zikuulukabe. Ina ili ku Coningsby m'chigawo cha Lincolnshire ku England, m'manja mwa kagulu ka Royal Air Force kotchedwa Battle of Britain Memorial Flight. Inzake ili ku Hamilton m'chigawo cha Ontario ku Canada, ndipo imasamalidwa ndi Canadian Warplane Heritage Museum. Ku America kwatsala ndege zowerengeka za mtundu wa B-17 zimene zimatha kunyamuka, ndi ziwiri za mtundu wa B-29 zotchedwa FIFI ndi Doc. Nyengo yofunda ikafika m'mayiko amenewa, ndegezi zimayendera zionetsero. Anthu amakhamukira kumabwalo a ndege ndi ana awo, mipando yopinda ndi kamba wa tsikulo, ndipo phokoso la injini zinayi likamveka chapatali aliyense amangoti maso kumwamba. M'khamulo mumakhala ena amene sanadzere chisangalalo chokha. Amenewa ndi ana, adzukulu ndi abale a anyamata amene ankauluka m'ndege zoterezi pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Ena amabwera ndi chithunzi cha malemu, ena ndi kabuku kamene m'bale wawoyo ankalembamo maulendo ake onse.

Mwambo umenewu uli ndi funso lovuta mkati mwake. Ndege yoponya mabomba inapangidwira ntchito imodzi, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo linali kutentha mizinda yokhalamo anthu. Amene akulira agogo ake pachionetsero akulira pamaso pa chida chimene chinaliritsa mabanja ena osawerengeka. Kodi n'zotheka kulemekeza m'bale amene anali m'ndegemo popanda kuvomereza zonse zimene ndegeyo inachita? Nanga chida chophera anthu chingasanduke chikumbutso choyenera, kapena chikakonzedwa ndi kupakidwa penti chimangophimba magazi? Mafunsowa ndi a chipembedzo ndiponso a filosofi, chifukwa akukhudza mangawa amene amoyo ali nawo kwa akufa, kukula kwa mlandu wa munthu mmodzi pa ntchito ya gulu, ndi malire a pakati pa kukumbukira ndi kupembedza.

Lancaster inkanyamula amuna asanu ndi awiri: woulutsa, injiniya woyang'anira injini ndi mafuta, wolondolera njira, woponya mabomba, wa wailesi, ndi awiri oomba mfuti, wina pamsana pa ndege, wina kumchira. Onse analowa ntchitoyi mwa kufuna kwawo, ndipo ambiri anali a zaka zongopitirira 20 pang'ono. Ankayenera kukwanitsa maulendo 30 asanapumitsidwe. Ankauluka usiku, m'chisanu choumitsa zala, kwa maola ambiri, akusakidwa ndi ndege za Ajeremani ndi mizinga ya pansi. Mwa amuna pafupifupi 125,000 amene anauluka m'gulu la Bomber Command, nthambi ya Royal Air Force yoona za mabomba, 55,573 anafa, ndipo ena pafupifupi 10,000 anagwidwa ukaidi. Usiku umodzi wokha, wa pa 30 Malichi 1944, ndege zoposa 90 mwa 795 zimene zinatumizidwa ku Nuremberg sizinabwerere. Freeman Dyson, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito yowerengera ku Bomber Command ali mnyamata, anadzalemba kuti Lancaster ikagwetsedwa, mwa anthu 100 aliwonse pafupifupi 15 okha ndiwo ankatuluka amoyo, ndipo china mwa zifukwa zake chinali kuchepa kwa kachitseko kothawira.

Imfa yotere kawirikawiri sinkasiya mtembo. Ndege inkaphulika mumlengalenga kapena kugwera m'nyanja, banja n'kungolandira telegalamu yonena kuti mwana wawo wasowa. Ku Runnymede, kufupi ndi London, kuli malo achikumbutso amene anatsegulidwa mu 1953, olembedwa mayina a amuna ndi akazi oposa 20,000 a magulu a ndege amene manda awo sadziwika. Ena manda ali nawo, koma ali kutali, ku Germany, Netherlands kapena France. Munthu wozolowera kuti maliro amatha pamene m'bale wagonekedwa kumanda a kwawo ndipo chiliza chamangidwa sangavutike kumvetsa chifukwa chake mabanja otere amakangamira ndege. Kwa iwo ndegeyo ili ngati chiliza: malo amene munthu angapiteko, n'kuwakhudza ndi dzanja, n'kuuza mwana kuti agogo ake ankakhala apa.

Ndege zina zinapulumuka kuphwanyidwa chifukwa cha chisoni chomwechi. Fred ndi Harold Panton, alimi a ku Lincolnshire, anaferedwa mkulu wawo Christopher, injiniya wa m'ndege ya mtundu wa Halifax, pa ulendo wa ku Nuremberg uja. Anali ndi zaka 19. Mu 1983 awiriwa anagula Lancaster imene lero imadziwika kuti Just Jane, ndipo patapita zaka zochepa anaisamutsira kubwalo lakale la ndege la East Kirkby, komwe anatsegula malo osungirako zinthu za Bomber Command pokumbukira mkulu wawoyo. Ndegeyi siuluka, koma imaliza injini n'kuyenda pabwalo itanyamula alendo, ndipo ntchito yoti idzaulukenso ili mkati. Ya ku Canada inapatsidwa zizindikiro za ndege imene Andrew Mynarski, mnyamata wa ku Winnipeg, anakwera usiku wa pa 12 Juni 1944. Ndege yawo itayaka moto pamwamba pa France, Mynarski anaona kuti mnzake wa mfuti ya kumchira, Pat Brophy, watsekeredwa m'kachipinda kake. M'malo mothawa anakwawa kudutsa m'moto n'kuyesa kumutsegulira ndi nkhwangwa ndi manja, mpaka zovala ndi parachuti yake zinagwira moto. Analumpha mochedwa ndipo anafa ndi mabala a moto. Brophy anapulumuka ndegeyo itagwa, ndipo ndiye anadzafotokoza nkhaniyi. Mynarski anapatsidwa mendulo ya Victoria Cross mu 1946.

Apa pakubuka funso lakale la afilosofi, la ngati chinthu chokonzedwanso chikadali chinthu chomwe chija. Lancaster ya ku Hamilton si imene Mynarski anakwera, pakuti imeneyo inapsera ku France. Iyi inapangidwa ku Malton mu 1945, sinapite kunkhondo, inagwira ntchito yolondera nyanja ndi kusaka osowa, kenako inakhala zaka zambiri panja ku Goderich ngati chipilala, isanakonzedwe n'kuulukanso mu 1988. Ya ku Coningsby nayo inamalizidwa mu 1945 ndipo sinaponyepo bomba pankhondo. Inadziwika ndi ntchito yojambula zithunzi zopangira mapu kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Pakapita zaka zingapo imapakidwa zizindikiro za ndege ina ya nthawi ya nkhondo, kuti magulu osiyanasiyana akumbukiridwe mosinthana. Plutarch analemba za chombo cha Theseus chimene anthu a ku Athens ankasunga, akumachotsa thabwa lililonse likaola n'kuikapo latsopano, mpaka afilosofi anayamba kutsutsana ngati chinali chombo chomwecho. Pa ndege vutoli ndi lokulirapo, chifukwa malamulo a chitetezo salola chitsulo chotopa kukhala m'mapiko. Yoti iuluke iyenera kusinthidwasinthidwa, ndipo yoti isunge zitsulo zake zoyambirira iyenera kuima m'nyumba.

Komabe abale a malemu sanamizidwa, chifukwa chimene amadzera si chitsulo chenichenicho. Ndege yamoyo imasunga zinthu zimene chithunzi ndi buku sizingapereke: kulira kwa injini za Merlin kumene kumamveka ndi m'chifuwa momwe, fungo la mafuta, kupanikizana kwa mkati, mtanda waukulu wa mapiko umene munthu amachita kuukwera kuti afike kutsogolo. Mdzukulu amene wadutsa m'kanjira kopita kumchira masana, ndege itaima, amayamba kuzindikira kuti kuchita zomwezo mumdima, moto ukuyaka, atavala zovala zolemera, kunali kotani. Ambiri mwa amene anabwerako amoyo sankakamba za nkhondo kwa ana awo. Ndegeyo imafotokozako zina mwa zimene iwo anapita nazo kumanda, ndipo pa zimenezi ndi mboni yoona.

Koma ndi mboni ya mbali imodzi. Pachionetsero ndege imadutsa dzuwa likuswa mtengo, nthawi zina itatsegula zitseko za kumimba kwake, ndipo chipinda cha mabomba, chotalika mamita 10, chimaoneka chopanda kanthu. Pankhondo munkalowa katundu wofika matani asanu ndi limodzi. Pa maulendo a kumizinda, kawirikawiri munkakhala bomba limodzi lalikulu losasula madenga ndi kuswa mawindo, pamodzi ndi timabomba tambirimbiri toyatsa moto. Msanganizo umenewu unakonzedwa dala kuti nyumba zipse.

Njira imeneyi inabwera pang'onopang'ono. Mu Ogasiti 1941 lipoti la Butt, lochokera pa zithunzi zimene ndege zinkajambula poponya mabomba, linasonyeza kuti mwa ndege zimene zinkati zafika pamalo otumidwa, imodzi yokha mwa zitatu ndiyo inkafikadi mkati mwa makilomita 8 kuchokera pamalowo. Popeza kulasa fakitale imodzi usiku kunali kosatheka, akuluakulu anaganiza zolunjika pa mzinda wonse. Lamulo la pa 14 Febuluwale 1942 linati cholinga chachikulu chikhale kufooketsa mtima wa anthu wamba a ku Germany, makamaka ogwira ntchito m'mafakitale. Patangopita masiku ochepa Arthur Harris, amene anakhalako ku Southern Rhodesia ali mnyamata, anatenga utsogoleri wa Bomber Command, ndipo anagwira ntchitoyo mosabwerera m'mbuyo mpaka nkhondo itatha. Pakati pa 24 Julayi ndi 3 Ogasiti 1943 mzinda wa Hamburg unaphulitsidwa mobwerezabwereza pa ntchito imene inapatsidwa dzina la Gomora. Usiku wa pa 27 Julayi moto wa m'nyumba zambirimbiri unalumikizana n'kukhala moto umodzi, umene unkakoka mphepo yamkuntho ndi kutha mpweya m'zipinda za pansi mmene anthu anabisala. Anthu a pakati pa 34,000 ndi 40,000 anafa. Ku Dresden, pa 13 mpaka 15 Febuluwale 1945, ndege za Britain ndi America zinapha anthu ofika 25,000, malinga ndi bungwe la akatswiri a mbiri yakale limene linapereka zotsatira za kafukufuku wake mu 2010. M'dziko lonse la Germany anthu wamba oposa 350,000 anafa ndi mabomba. Ambiri anali amayi, ana ndi okalamba, popeza amuna a misinkhu ya usilikali anali kunkhondo. Munalinso akaidi ndi anthu a mayiko ena amene boma la Nazi linawagwira kuti azigwira ntchito yakalavulagaga.

Oikira kumbuyo ntchitoyi ali ndi mfundo zosayenera kuzinyoza. Ajeremani ndiwo anayamba kuphulitsa Warsaw, Rotterdam, London ndi Coventry, ndipo ku Britain anthu wamba oposa 40,000 anafa m'miyezi ya pakati pa 1940 ndi 1941. Boma la Hitler linali kupha Ayuda mamiliyoni, ndipo tsiku lililonse limene nkhondo inkapitirira linali tsiku lina la imfa m'misasa yachibalo. Kwa nthawi yaitali Britain inalibe njira ina yofikira mdani koma ya mumlengalenga. Mabomba anakakamiza Germany kusunga kwawo mizinga, ndege ndi asilikali ambiri amene akanapita kukamenyana ndi Soviet Union, ndipo mu 1944 kuphulitsidwa kwa njanji ndi malo oyengera mafuta kunapundula gulu lake la nkhondo. Wafilosofi wa ku America Michael Walzer, m'buku lake la mu 1977 lotchedwa Just and Unjust Wars, anavomereza kuti pamene Britain inali yokha ndipo chipani cha Nazi chikuoneka kuti chipambana, panali ngozi yoopsa yoti mwina ikanalola kuswa malamulo a nkhondo. Koma anaonanso kuti anthu ochuluka anaphedwa ngoziyo itadutsa kale, pamene zinali zodziwika kuti Germany igonja.

Chiphunzitso cha Chikhristu chokhudza nkhondo, chimene chinayamba kuumbika ndi Augustine n'kulongosoledwa ndi Thomas Aquinas ndi ena a pambuyo pake, chimalekanitsa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti kodi dziko lili ndi chifukwa cholungama chomenyera nkhondo. Lachiwiri ndi lakuti kodi likumenya m'njira yolungama. Kukhoza pa loyamba sikumasula munthu pa lachiwiri, ndipo pa lachiwirilo lamulo lalikulu ndi lakuti osalakwa asaphedwe mwadala. Amene walunjika pa fakitale ya zida, atayesetsa kupewa nyumba za anthu, koma ena n'kufa iye asakufuna, mlandu wake ndi wina. Amene walunjika pa nyumba zenizenizo kuti otsala achite mantha mlandu wake ndi winanso, chifukwa imfa ya osalakwa ndiyo njira imene wasankha. Buku la Genesis limasimba za Abrahamu akuchonderera Mulungu kuti asaonongere kumodzi olungama ndi oipa a ku Sodomu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti amene anasankha dzina la mzinda mnzake wa Gomora pa ntchito ya ku Hamburg anatengako moto wa m'nkhaniyo n'kusiya pempho la Abrahamu.

Ena anatsutsa nkhondo idakali mkati, choncho sizoona kuti mlanduwu ndi wa anthu a masiku ano okha amene sanalawe mavuto a nthawiyo. George Bell, bishopu wa Anglican wa ku Chichester, mdani wa chipani cha Nazi kuyambira pachiyambi, anaimirira m'nyumba ya malamulo ya House of Lords pa 9 Febuluwale 1944 n'kudzudzula kufafaniza mizinda yathunthu. Ambiri amakhulupirira kuti zimenezi zinamutsekera mwayi wokhala Arkibishopu wa Canterbury. Chaka chomwecho Vera Brittain ku England ndi wansembe wa Chijezwiti John Ford ku America analemba motsutsa njirayi. Mu 1965 msonkhano waukulu wa Vatican Wachiwiri, m'chikalata cha Gaudium et Spes, unatcha kuononga mizinda yathunthu pamodzi ndi anthu ake mlandu wolakwira Mulungu ndi anthu. Mu 1977 pangano loonjezera pa mapangano a ku Geneva linaletsa kuukira kosasiyanitsa asilikali ndi anthu wamba. Poyang'ana zonsezi, n'kovuta kukana kuti kutentha mizinda mwadala kunali kulakwa, ngakhale nkhondo yolimbana ndi Hitler inali yolungama.

Chotsala ndi kudziwa kuti mlanduwo uli pa mutu pa yani. Mnyamata wa zaka 21 amene anakhala kumchira kwa Lancaster sanasankhe mzinda. Ankauzidwa madzulo a tsiku lomwelo kumene akupita, nthawi zambiri pamodzi ndi mayina a mafakitale ndi njanji za kumeneko. Akakana kuuluka ankatha kulembedwa kuti ndi wopanda mtima wolimba, kulandidwa udindo n'kuchotsedwa pamaso pa anzake mwamanyazi. Izi sizimuyeretsa kotheratu, pakuti munthu sasiya kukhala ndi chikumbumtima chifukwa wavala yunifolomu, ndipo ambiri a iwo ankadziwa bwino chimene chinkayaka pansipo. Koma mlandu umakula molingana ndi zimene munthu akudziwa ndi mphamvu imene ali nayo yosankha. Katundu wolemera ali pa amene analemba malamulo, kuyambira nduna za boma kufikira akuluakulu a nkhondo.

Nkhondo itatha zinthu zinayenda mozondoka. Kumapeto kwa Malichi 1945 Winston Churchill, amene anavomereza ndi kulimbikitsa ntchitoyi kwa zaka zambiri, analemba kalata yokayikira zimene zinachitika ku Dresden, ndipo m'mawu ake a chipambano a mu Meyi sanayamikire Bomber Command monga anachitira ndi magulu ena. Amuna a gululi sanapatsidwe mendulo yawoyawo. Manyazi a dziko anatulidwa pa anthu amene analibe mawu pa chiganizocho, ndi pa amayi amasiye ndi ana awo. Kumeneku kunali kupanda chilungamo, ndipo kukufotokoza chifukwa chake mabanja ambiri amapsa mtima msanga nkhani ya Dresden ikatchulidwa pafupi ndi dzina la m'bale wawo. Chipilala cha Bomber Command cha ku Green Park mu London chinatsegulidwa ndi Mfumukazi Elizabeth II pa 28 Juni 2012, patatha zaka 67, ambiri mwa opulumuka atamwalira kale. Tsiku limenelo Lancaster ya ku Coningsby inadutsa pamwamba n'kutsegula chipinda cha mabomba, ndipo munatuluka timaluwa tofiira tachikumbutso.

Wafilosofi wa ku Israel Avishai Margalit, m'buku lake la mu 2002 lotchedwa The Ethics of Memory, analekanitsa maubale a mitundu iwiri. Pali ubale wapafupi, wa banja, abwenzi ndi mtundu, umene umamangidwa pa chikondi ndi mbiri imodzi. Palinso ubale wapatali, umene munthu ali nawo ndi wina aliyense chifukwa chongokhala munthu. Udindo wokumbukira, malinga ndi iye, umagwira kwambiri pa ubale wapafupi. Mdzukulu sakulakwa pokumbukira agogo ake koposa mlendo wa ku Hamburg, monganso mdzukulu wa ku Hamburg sakulakwa pokumbukira agogo ake koposa woulutsa ndege. Mneneri Ezekieli anaphunzitsa kuti mwana sasenza mphulupulu za atate ake, choncho palibe chifukwa choti adzukulu aziyenda chowerama. Koma ubale wapatali uja nawo uli ndi lamulo lake, ndipo laling'ono kwambiri ndi lakuti munthu asaname za akufa a anthu ena. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chikumbutso chimene chimafuna kuti ana a ku Hamburg achepetsedwe kapena aiwalike kuti agogo aoneke oyera chimalakwira anawo, ndipo chimalakwiranso agogowo, chifukwa chimawachotsera mbali yolemera kwambiri ya zimene anakumana nazo. Baibulo limasimba za Davide mwachikondi, koma silibisa kuti analetsedwa kumanga Kachisi chifukwa anakhetsa magazi ambiri pankhondo. Ulemu ndi choonadi zinakhalira limodzi m'nkhani imeneyo.

Ngozi yaikulu ya chionetsero ndi yakuti chida chenichenicho chimatha kulanda malo a anthu amene chikuimira. Ndege zimenezi ndi zokongola, ndipo kukongola kumakopa. Mu Okutobala 1976 ku Harlingen m'chigawo cha Texas, bungwe limene lero limatchedwa Commemorative Air Force linachita sewero la kuphulitsidwa kwa Hiroshima. Paul Tibbets, yemwe anaulutsa Enola Gay, ndege imene inaponya bomba ku Hiroshima mu 1945, anadutsa pa B-29, pansi n'kuphulitsidwa zinthu zotulutsa utsi wooneka ngati bowa, khamu likuonerera. Anthu a ku Japan anadandaula kwambiri ndipo boma la America linapepesa. Apa chikumbutso chinali chitasanduka chikondwerero cha mphamvu yopha. Buku lachiwiri la Mafumu limanena za njoka yamkuwa imene Mose anapanga, imene inasungidwa kwa mibadwo yambiri ngati chikumbutso cha chipulumutso, mpaka anthu anayamba kuifukizira lubani, ndipo Mfumu Hezekiya anaiphwanya. Phunziro la nkhaniyi pa ndege si lakuti ziphwanyidwe, koma lakuti chinthu chosungidwa pa chifukwa chabwino chimatha kuyamba kulandira ulemu umene si wake. Chizindikiro chake chimaoneka pamene wina wayesa kutchula amene anafa pansi. Mu 1995 National Air and Space Museum ya ku Washington inasiya dongosolo loonetsa Enola Gay pamodzi ndi zithunzi ndi katundu wa anthu a ku Hiroshima, mabungwe a asilikali akale ndi aphungu atakwiya, ndipo mkulu wa malowo anatula pansi udindo. Mu 2007 Canadian War Museum inasintha mawu a pachikwangwani chofotokoza mkangano wokhudza Bomber Command pa chifukwa chofanana.

Ndege zokalambazi zimaphanso anthu mpaka lero. Pa 2 Okutobala 2019 B-17 yotchedwa Nine-O-Nine inagwa ku Connecticut ndipo anthu asanu ndi awiri anafa. Pa 12 Novembala 2022 B-17 ina inaombana ndi ndege yaing'ono ya nkhondo pachionetsero ku Dallas, anthu asanu ndi mmodzi n'kufa. Ngozi iliyonse imadzutsa funso la ngati kukumbukira akufa kuli koyenera kuika amoyo pachiswe.

Pali malo amene asonyeza kuti mbali ziwiri zija zingakumbukiridwe pamodzi. Mawu a pachipilala cha ku Green Park amatchulanso anthu a mitundu yonse amene anafa ndi mabomba pankhondoyi. International Bomber Command Centre, imene inatsegulidwa ku Lincoln mu 2018, ili ndi nsanja yotalika mamita 31, muyeso wa mapiko a Lancaster, ndi makoma olembedwa mayina pafupifupi 58,000, koma m'nkhokwe yake ya mawu ojambulidwa muli maumboni a oulutsa ndege pamodzi ndi a anthu amene mabombawo ankawagwera. Ku Dresden tchalitchi cha Frauenkirche, chimene chinagwa mu Febuluwale 1945 n'kukhala mulu wa miyala kwa zaka pafupifupi 50, chinamangidwanso n'kupatulidwa pa 30 Okutobala 2005, miyala yakale yakuda itasakanizidwa ndi yatsopano. Mtanda wagolide wa pamwamba pake unalipiridwa ndi anthu a ku Britain kudzera m'bungwe la Dresden Trust, ndipo mmodzi mwa amisiri amene anausula ku London, Alan Smith, anali mwana wa munthu amene anauluka nawo pa ulendo wa ku Dresden. Mwanayo sanakane bambo ake ndipo sanakane Dresden.

Moyo wa Leonard Cheshire umakana kuikidwa mbali imodzi. Anauluka maulendo 100, anatsogolera gulu la 617, analandira Victoria Cross mu 1944, ndipo anali mmodzi mwa oimira Britain amene anaonerera bomba la ku Nagasaki pa 9 Ogasiti 1945. Mu 1948 anatengera kunyumba kwake msilikali wakale amene ankadwala khansa, n'kumusamalira mpaka imfa, ndipo chaka chomwecho analowa mpingo wa Katolika. Kuchokera pamenepo panabadwa nyumba za Cheshire Homes zosamalira anthu aulumali, zimene zinafika m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Zambia ndi Malawi. Komatu Cheshire sanatembenukire anzake a ku Bomber Command. Mu 1992, akudwala matenda amene anamwalira nawo chaka chomwecho, anapita ku mwambo wovundukula chifanizo cha Harris mu London, umene ena anautsutsa poyera. Anthu a chikumbumtima chowongoka anasiyana maganizo pa nkhaniyi mpaka kumanda. Monga Cheshire, Lancaster nayo inagwirapo ntchito ina: kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi 1945, ma Lancaster anaponya chakudya choposa matani 6,000 kwa anthu a ku Netherlands amene ankafa ndi njala.

Chionetsero chimasankhanso amene akumbukiridwe, chifukwa chikumbutso chamtunduwu chimatsata kumene kuli chitsulo ndi ndalama zochisamalira. Amuna a Bomber Command anachokera m'mayiko ambiri. Gulu loyamba kulandira ma Lancaster linali la 44, lotchedwa Rhodesia, ndipo mtsogoleri wa ulendo wake wa ku Augsburg mu Epulo 1942, John Nettleton, anali wa ku South Africa. Munalinso anthu akuda ochokera ku Caribbean ndi kumadzulo kwa Africa, monga John Smythe wa ku Sierra Leone, wolondolera njira amene anagwetsedwa mu 1943, n'kukhala mkaidi ku Germany, kenako n'kudzakhala loya wotchuka kwawo. Amakaniko amene ankagona panja m'chisanu akukonza injini, ndi amayi amene ankapanga ndegezo m'mafakitale, satchulidwa kawirikawiri. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, amene anamenya nkhondo yomweyo ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma, alibe chida chowala chokopa makamu. Chikumbutso chawo chili pa nsanja ya ku Zomba, pa mwambo wa mwezi wa Novembala, ndi m'nkhani za m'mabanja.

Amuna amene anauluka m'ndegezi atsala ochepa kwambiri, ndipo onse ali pafupi ndi zaka 100 kapena kupitirira. Mu Ogasiti 2014, pamene Lancaster ya ku Canada inaoloka nyanja ya Atlantic n'kukauluka pamodzi ndi ya ku Coningsby, ambiri mwa iwo anali akadalipo kuti aone. Tsopano ntchito yofotokoza yagwera ana ndi adzukulu, olengeza pazionetsero ndi osamalira malo osungirako zinthu zakale, anthu amene sanaone moto wa ku Hamburg ali kumwamba kapena ali pansi. Ndege nazo zili ndi malire: zipangizo zikusowa, amisiri odziwa injini zakale akuchepa, ndipo ndalama za inshuwalansi ndi zokonzera zikukwera. Chifukwa cha ichi mabungwe amene amazisunga amachepetsa maola ouluka pachaka, ndipo malo ngati International Bomber Command Centre akhala akusonkhanitsa makalata, timabuku ta maulendo ndi maumboni a mbali zonse ziwiri kuti adzagwiritsidwe ntchito pamene ndegezo zidzaimikidwe m'nyumba.